Ndinapita Kusukulu ndi Mimba ya Patuma

Tinanyamuka a shehe atangomaliza kuitanira swala ya m'mawa, ine kutsogolo bokosi langa la uzamba lili pamutu, Patuma pambuyo akukoka miyendo ngati bakha. Chinali chaka chija nyanja ya Chilwa inatithawa, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, mabwato ali gadaa pamatope ouma. Ine ndine Abiti Juma, mzamba wa kuno kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala. Cholembera sindichidziwa. Akundilembera izi ndi mayi aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, ndipo ndawauza kuti asathiremo mchere, nkhaniyi ili nawo kale wake.

Kalata yondiitana inabwera kutatsala sabata. Akuti azamba tonse amene tinalandira mabokosi tipite ku Zomba akatikumbutse ntchito. Ndinaseka. Kukumbutsa ine? Ana amene ndinawalandira ndi manja awa ena ali ndi ana awo. Ndikanakana ndithu, pakanapanda Patuma.

Patuma ndi mdzukulu wa malemu mng'ono wanga. Mimba inali yoyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu ukutha, ndipo ndikamupapasa mutu wa mwana ndinkaupeza m'mbali, osati kumunsi kumene uyenera kuloza. Mwana wopingasa. Inu amene simunaonepo pempherani musadzaone. Matenda akayamba amatsogola ndi mkono, ndipo zikatero kumudzi kuno timangoyamba kufunsana za sanda ya maliro.

Ndinapita naye ku chipatala chathu chaching'ono kuti adokotala athu a Kamwendo alembe kalata yomutumiza ku Zomba. Namwino wa azimayi kunalibe, anachoka kalekale osabwera wina. A Kamwendo ndiwo anali zonse: jakisoni iwo, kuzula dzino iwo, otsegula m'mimba amene anadzaza khonde chaka chimenecho iwo omwe. Anamugoneka Patuma, kugwiragwira pang'ono, n'kukasamba m'manja.

"Mutu uli pansi bwinobwino, mayi. Inu azamba vuto lanu mukagwira matako mumati mutu."

Kalata anakana.

Kunyumba nako kunali mpanda. Amake Patuma anati mwana sangapite kukadikirira kuchipatala popanda mawu a amjomba ake, mlongo wa amakewo, mwini mbumba, amene nyanja itauma anapita kukasaka ganyu ku Mulanje. Mwamuna wa Patuma naye anali atatsata nsomba ku Malombe. Ndiye ndinatenga kalata yanga ija n'kukaima nayo pakhomo pawo.

"Ine sindikupita naye kuchipatala," ndinatero. "Ndikupita kusukulu, ndipo maso owerengera ndilibe. Uyu anafika sitandade folo. Andiperekeze, azikandiwerengera zikwangwani."

Amake anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa. Kenako anati, "Amayi, chikachitika panjira mlandu ndi wanu. Achimwene akabwera mudzayankhe nokha."

Ndinati ndamva. Ndiye pamene mukutiona tikudula m'minda ya mpunga yong'ambikayo, dziwani kuti pamutu panga sipanali bokosi lokha.

Dzuwa likutuluka tinafika pamsewu wochokera ku Kachulu. Masiku amenewo magalimoto anali osowa, chifukwa chimene ankadzera kuno ndi matemba, ndipo matemba kunalibe. Ndinakhala pansi, ndinaimirira, ndinapita pakati pa msewu kukasuzumira, ndinabwerera. Patuma anati, "Anganga, mukazungulira choncho ndiye ibwera msanga?" Ndinati iwe khala chete, usunge mpweya.

Kenako inatulukira m'fumbi, kapikapu kopanda mtundu, kakulira ngati chigayo. Pambuyo panali matumba a mpunga wa chaka chatha, madengu a mbalame zowamba, njinga, ndi anthu atasanjana pamwamba pa zonsezo. Kondakitala anali bambo wa dzino limodzi kutsogolo. Anati munthu makwacha khumi ndi awiri, bokosi atatu. Atamuona Patuma anaimba mluzu.

"Achemwali awa alipire pawiri. Mimba iyi si ya munthu mmodzi."

"Iwe unaberekapo?" ndinamufunsa.

"Ayi, anganga, koma katundu ndimamudziwa."

Anthu anaseka. Ine ndinazungulira kutsogolo kukapempha adalaivala kuti Patuma akhale pampando. Ndikusuzumira pawindo, mwati ndinapeza ndani? A Kamwendo. Shati yoyera mbee, tayi pakhosi, sutikesi pamiyendo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana Patuma, nkhope n'kuchita ngati aluma ndimu.

"Mayi, uyu mukupita naye kuti?"

"Akukandiwerengera zikwangwani, adokotala."

Anatsika, anamugwira Patuma mkono pokwera, iwo n'kubwera kumbuyo. Anayala mpango pathumba la mpunga n'kukhalapo, maondo awo akugundana ndi anga. Kuyambira apa nthawi ndikuidziwa bwino, chifukwa ankangoti akayang'ana wotchi n'kuitchula mokweza ngati alipo wawafunsa. Tinanyamuka seveni koloko itapitirira.

Msewu umenewo, inu, si msewu. Ndi malata oyala pansi. Galimoto ikagwa m'dzenje ine mtima unkagwera kutsogolo kuja, ndikuyang'ana mutu wa Patuma pagalasi. Kuti ndisapenge ndinayamba kuwasokosa a Kamwendo.

"Nanga inu ulendo wa kuti, mwatchena chonchi?"

"Ku semina."

"Semina n'chiyani?"

"Maphunziro."

"Mukukaphunzitsa?"

Anakonza tayi. "Kukaphunzira."

Mayi wina wa mbalame amene anakhala pambali pathu anamenya m'manja. "Ha! Ndiye jakisoni munandibaya mwezi watha uja munali musanamalize sukulu? N'chifukwa chake thako linatupa!"

Galimoto yonse inafa nalo phwete. A Kamwendo anati mankhwala amasintha, matenda amasintha, munthu amayenera kumabwerera akamve zatsopano. Mayi uja anati, "Thako langa silinasinthe." Ine sindinaseke nawo, chifukwa ndinazindikira kuti kalata yawo ndi yanga zikutiitanira khomo limodzi.

Tili pafupi ndi phiri la Mpyupyu, eyiti koloko, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Nthunzi tolotolo kutsogolo. Madzi a mu injini aphwa, ndipo timitsinje tonse tinali mchenga wokhawokha. Kondakitala ananyamula chigubu kukafuna mjigo. Ine ndikutsika ndinamva, "Anganga!" Liwu limenelo ndimalidziwa ngakhale pakati pa msika. Patuma anali atagwira chitseko ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu.

"Msana, anganga. Ukubwera n'kumapita."

Tinamutsitsa n'kumugoneka pansi pa mtengo wa mango, amayi anzanga anamasula zitenje n'kutchinga, ngakhale mayi wolongolola uja anagwira ngodya yake. Ndinatsegula bokosi, ndinasamba ndi timadzi ta m'botolo, ndinatulutsa kalipenga kanga komvetsera mtima wa mwana. Mtima unkagunda bwino. Madzi sanasweke. Koma mutu uja unali pompaja, m'mbali, wolimba ngati dzungu. Ndinayang'ana msewu kumene tachokera, ndinayang'ana kumene tikupita, konse mbuu, ngakhale njinga. Mumtima ndinati, Abiti Juma, wamuchotsa mwana wa eni pamphasa ya amake kuti adzafere pamsewu.

A Kamwendo anali ataima patali atatifulatira. Ndinawaitana.

"Adokotala, bwerani mugwire."

"Ndinagwira kale, mayi."

"Mugwirenso. Dzanja silitha."

Anabwera, anagwada ndi buluku lawo labwinolo, anagwira kumunsi. "Uwu mutu uwu. Walowa kale." Ine ndinawagwira dzanja, chinthu chimene sindinachitepo kwa mwamuna wa eni, n'kulikokera m'mbali muja. Analisiya pamenepo pang'ono. Kenako analichotsa msanga ngati agwira mbaula, anaimirira, osanena kuti eya, osanena kuti ayi. Koma kondakitala atabwera ndi madzi, galimoto n'kufuna kukankha, woyamba kuika phewa anali iwo. Shati yoyera ija inathera pomwepo.

Mwayi wake ululu unayamba kutalikirana, kenako unaleka. Kunali kugwedezeka kwa msewu chabe. Mayi wa mbalame anamupatsa Patuma thobwa la m'botolo lake, n'kumuuza kuti, "Umuuze mwanayo kuti pano si pamalo, pano ndi pa Mpyupyu."

Pa Govala tinafika naini koloko itadutsa kale, ndipo adalaivala anazimitsa injini kuti adikire anthu ena, ngati kuti panali poti n'kuwaika. Ndinagula zitumbuwa zinayi, ziwiri za Patuma, chimodzi changa, china ndinapatsa a Kamwendo. Analandira. Patuma, poti anabwerera ntchito yowerenga, anatulutsa mutu pawindo.

"Anganga, pagolosale apo alemba kuti Zonse ndi Nthawi."

"Uwawerengere adalaivala, ine ndikudziwa kale."

Adalaivala anali pansi pa mtengo akutsutsana ndi munthu wa mbuzi. A Kamwendo anatsika. Sindinamve zonse, koma ndinamva akuti, "Muli ndi wodwala m'galimoto muno, bambo. Akachirira pampando wanu mukolopa nokha." Mbuzi inatsala. Tinanyamuka.

Pa Matawale tinalowa tala, thupi n'kudabwa kuti kugwedezeka kwapita kuti. Phiri la Zomba linali pamaso pathu ndii, lobiriwira ngati silinamve kuti kwathu kwauma. M'tauni tinatsika cha m'ma leveni. Patuma anawerenga zikwangwani ziwiri zitatu, koma sizinafunike, a Kamwendo ankaidziwa njira. Ananyamula sutikesi yawo dzanja ili, kamtolo ka Patuma dzanja linalo, ife tikuwatsata pang'onopang'ono mpaka pa holo ina kuseri kwa chipatala chachikulu. Panjira ndinawafunsa za kalata yotumizira Patuma kuchipatala ija. Anati, "Tachedwa kale, mayi. Tikambirana popuma." Popanda kalata ndinkaopa kuti pakhomo la chipatala akatibweza, akati mimba yosayamba matenda ikadikire kwawo. Ndiye ndinamukhazika Patuma pamthunzi wa mkuyu, ndinamusiyira chinangwa chophika, ndinati usasunthe, ukamva kanthu ukuwe dzina langa osachita manyazi.

M'katimo anali atayamba kale. Azamba mbali iyi pamabenchi, madokotala a zipatala zing'onozing'ono ndi anamwino mbali iyo pamipando, pakati mpata woti ngolo n'kudutsa. Wophunzitsa anali namwino wamkulu, Mayi Mbewe, wamfupi, magalasi atawamangirira chingwe. Anati tsiku loyambali atiphatikiza dala, chifukwa timatumizirana odwala chaka ndi chaka koma sitinamwerepo tiyi pamodzi. Patebulo panali chidole cha nsalu chokhala m'kathumba kooneka ngati mimba. Amachigoneka mwina, n'kuphimba, wina apite akapapase anene mmene chagonera.

Ine za chidole sindinkazimva. Khosi linali pawindo. Patuma akasuntha mwendo, ine ndanyamuka theka. Mzamba wina wa ku Songani amene ndinakhala naye anandikoka chitenje. "Amwali, m'benchimu muli nsikidzi?"

Ndiye dzina langa linaitanidwa. Ndinapita kutsogolo, ndinachigwira chidole chija kamodzi, ndinachisiya.

"Amayi, pepani. Ichi sichipuma. Ine ndabwera ndi changa chamoyo, chili pansi pa mkuyu apo."

Holo yonse inaseka, mbali zonse ziwiri. Mayi Mbewe sanaseke. Anavala magalasi n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndinafotokoza zonse, mutu wa m'mbali, msana wa pa Mpyupyu. Za kalata sindinanene, sindinafune kuvula munthu pagulu. Koma a Kamwendo anaimirira okha.

"Wodwalayo ndi wa kwa ine. Ndinamuona, ndinapeza mutu uli pansi."

Mayi Mbewe anauza anthu kuti apume, n'kutitenga awirife ndi Patuma kukachipinda kam'mbali komwe kunali bedi. Anayamba afunsa mwini wake. "Mwanangu, ukulola kuti tikugwire atatu?" Patuma anati eya, bola asamung'ambe. Anati a Kamwendo asonyeze mutu wawo. Anasonyeza kumunsi. Anati ine ndisonyeze wanga. Ndinasonyeza m'mbali. Kenako anagwira iwo. Koma kugwira kwake, inu! Osathamanga. Anayamba pamwamba, anatsika mbali iyi, anabwerera, anatsika mbali iyo, maso atatsinzina ngati akusankha nyemba mumdima. Anayeza mimba ndi tepi ngati ya atelala, n'kufunsanso miyezi.

Atatero anapempha kalipenga kanga n'kutulutsanso kawo. Kena anakaika kumunsi kwa mchombo kumanzere, anati a Kamwendo amvetsere pamenepo. Kena kumtunda kumanja, anati ine ndimvetsere apo.

"Aliyense azigogoda chala pachitsulo cha bedi mmene mtima ukugundira. Musayang'anane."

Tinawerama, mitu yathu pafupi kugundana pamimba ya mwana uja. Ndinaumva, ti ti ti ti, ndinayamba kugogoda. A Kamwendo nawo anayamba. Poyamba zala zinkayendera limodzi. Kenako changa chinayamba kuthawa, chawo chikutsalira. Ndinaganiza kuti bambowa sadziwa ng'oma. Ndinamvetseranso bwino, ndinagogoda mosamala. Ayi ndithu, zala zikusemphana ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi.

Ndinadzutsa mutu. A Kamwendo anadzutsa wawo. Pakamwa pawo panali yasaa.

"Mitima iwiri," anatero Mayi Mbewe. "Mapasa. Wina mutu uli pansi, wina wapingasa pamwamba pake. Nonse munapeza mutu. Koma aliyense atapeza wake anasiya kufuna."

Patuma anayamba kulira. "Awiri? Anganga, matewera ndasoka a mmodzi!"

Ine ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, koma Mayi Mbewe sanandipatse mpata. Anandifunsa kuti masiku onsewa ndakhala ndikumuchita chiyani. Bodza linafika pakamwa, ndinalimeza. Ndinati m'mawa uliwonse ndinkamusisita ndi mafuta a nsatsi, kukankha mutu uja kuti utsike, monga anandiphunzitsira amayi anga. Anavula magalasi.

"Mumakankhira mwana pa mnzake. Nsengwa ikanatha kumatuka, magazi n'kutayikira m'kati inu osaona. Musadzayesenso, mayi. Mukapeza wopingasa, ntchito yanu ndi miyendo, osati manja."

Ndakalamba, koma manyazi a tsiku limenelo anali a kamtsikana. A Kamwendo nawo anali atakhala pampando, akuyang'ana manja awo. Anati zogogoda zalazi anaphunzira ali mnyamata, koma zaka zonsezi akungoona malungo ndi mphere ndi otsegula m'mimba, mimba amaigwira mothamanga panja pali mzere. Anatsegula sutikesi, anatulutsa pepala, ndipo kalata ija inakanika patebulo lawo kwathu inalembedwa pabondo.

Madzulo omwewo Patuma analowa kuchidikiro, kumene amayi amayembekezera tsiku lawo pafupi ndi madokotala. Ine ndinabwerera pabenchi, ndipo sabata imeneyo ndinamvetsera ngati ndalipira ndekha. Anatiphunzitsa za magazi, za mapazi otupa, za lezala latsopano pamchombo uliwonse. Zina ndinkazidziwa, zina ndinkaganiza kuti ndikuzidziwa. Pa tiyi a Kamwendo ankabwera mbali yathu ndi kapu yawo, anzawo akuwayang'ana.

Lachinayi masana matenda anayamba. Woyamba, wamwamuna, uja wa a Kamwendo, anabwera yekha bwinobwino. Wanga uja, wamkazi, anakana. Anachita kumutembenuza madokotala m'kati, ndipo Patuma anataya magazi mpaka kumuika botolo. Ine ndinali pakhonde ndikuyenda uku ndi uku, ndikudziona ndili m'nyumba mwa amake: ndalandira woyambayo, ndalulutira, ndadula mchombo, ndiye kenako kakutuluka kamkono. Mpaka lero ndikaganiza zimenezo ndimasiya kudya.

Loweruka ndinabwerera ndekha, amake atabwera kudzamudikirira. Pa depoti ndinapeza kapikapu komwe kaja. Kondakitala wa dzino limodzi anandifunsa kuti achemwali aja ali kuti. Nditamuuza analumpha, anamenya chitseko cha galimoto.

"Ndinanena ine! Adokotala analephera, anganga analephera. Bweretsani bokosilo, uzamba ndiuyamba mawa!"

A Kamwendo, amene anakhalanso pathumba pafupi nane, anati, "Mupatseni, mayi. Ine ndimupatsa tayi."

Kumudzi ndinafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu. Pakhonde pa amake Patuma panali munthu atakhala pampando, chipewa pabondo. Amjomba ake. Mawu anawapeza ku Mulanje. Ndinatula bokosi, ndinakhala pansi, tinalonjerana. Kenako anati, "Amayi, ndamva kuti munanditengera mwana mmodzi osandiuza."

"Eya, ndinatenga."

"Ndiye mubweza liti?"

"Sabata ya mawa. Koma ndibweza atatu."

Anazunguza chipewa chija m'manja nthawi yaitali. Anati tsiku lina ndizitumiza mawu. Ndinati mawu amayenda wapansi, mimba siidikira. M'mawa mwake ndinapeza nkhuku yomanga miyendo pakhomo panga.

Ndiye inu azamba anzanga amene kalata ikabwera mumati ndikaphunzirenso chiyani ndi imvi zangazi, ine ndinapita ku Zomba kukawaonetsa adokotala kuti manja anga sanama. Sananame, zoona. Anangonena theka, theka lina linali m'manja mwa munthu amene ndinkakangana naye. Masiku ano a Kamwendo akakayika amatumiza mawu kuti Abiti Juma abwere adzagwire, ine ndikakayika ndimapita ndekha osadikira kuitanidwa. Ndipo mimba iliyonse, ngakhale kakhale kakang'ono ngati chipanda, ndikamva mtima sindichotsa kalipenga n'kutseka bokosi. Ndimakasamutsira mbali inayo. Atsikana amaseka, amati, "Anganga, mwamumva kale, mukufunanso ndani?"

Ndimati khala chete, ndikufuna mnzake.